A Daka ndi Khomo la Damu Lathu

Sabata yatha damu lathu linadzala, madzi n'kuyamba kutulukila pakhomo monga amachitila mvula ikakhazikika. Anthu anabwela kudzaona, ena makasu ali paphewa, ena ana ali kumsana. Munthu mmodzi yekha sanaoneke, amene tsiku lotele linali ngati Khisimasi yake. A Yelemiya Daka tinawaika m'manda chaka chatha, mwezi ngati uno.

Amai Mwanza, amene ali pampando wa komiti ya damu, anandiima kutsogolo tsiku lomwelo. "A Lungu, inu munayenda nawo kwambili. Lembani za iwo, ana angadzayese kuti damu linadzisunga lokha." Ine kulemba ndinaphunzila imvi zitamela kale, ku sukulu ya akuluakulu, ndipo dzanja langa limalemela pa pepala kuposa pa khasu. Koma ndavomela, chifukwa m'mbili ya a Daka muli mbali imene palibe wina angailembe koma ine.

Ndiyambe ndi khomolo. Kumapeto kwa khoma la damu kuli malo otsikilapo, oyalidwa miyala, pamene madzi amatulukila damu likakhuta. Amene anamanga anali ndi dzina lawo lachizungu la malowo. A Daka anati ndi khomo, ndipo mpaka lelo kuno ku Nyampande ngakhale mwana wa sukulu amati khomo.

Anali munthu wamfupi, wa mapazi aakulu, wosakonda kukhala pansi nthawi yaitali. Unyamata wawo anauthela pa nchito ya misewu, kuika mapaipi a simenti pansi pa msewu cha ku Nyimba ndi Kacholola. Kumeneko ndiko anaphunzila madzi. Chinyanja ankachilankhula bwino, koma madzi okha sanasiye kuwatchula Chinsenga, manzi, ngati akutchula mnansi amene anakulila naye limodzi. Ankati iwo anaona misewu yambili ikutsegulidwa ndi nyimbo, mvula yachiwili n'kuidula pakati chifukwa panalibe munthu wochotsa zinyalala kukamwa kwa paipi. Msewu woteleyo, ankatelo, unafa tsiku la nyimbo lija, kungoti anthu anamva mochedwa.

M'mawa uliwonse ankayenda pakhoma la damu kuchokela uku kukafika uko, nsapato atazikoleka m'khosi. Ankati phazi limamva chinyezi diso lisanachione. M'dzanja munali ndodo ya nsungwi yovekedwa chitsulo kumapeto, yobayila paliponse pamene akayikila chiswe. Kamtengo kakamela pakhoma ankakazula, ngakhale kakhale ka mango. Tsiku lina mai wina anawapeza atazula kamtengo ka mango kamene iye anali kukasamala, n'kuwatukwana mpaka dzuwa kukwela. Iwo anamvetsela mpaka atamaliza, kenako anakamubzalila kamtengoko kuseli kwa nyumba yake ndi manja awo. Mizu, anamuuza, imayenda kufuna madzi, ndipo mtengo ukadzafa njila za mizuzo zimatsala zotseguka. Abusa a ng'ombe ankawathawa. Ng'ombe ikaponda khoma, a Daka ankaidziwa ndi ziboda zake, n'kukafika kukhola la mwini wake chakudya cha m'mawa chisanapse.

Tsiku limene bungwe lomanga damu linatipatsa damulo panali gule, mbuzi ziwili zinafa, ndipo pamsewu anazika chikwangwani. Amai amene ankatsogolela nchitoyo, munthu wodekha ndithu, anaimilila n'kunena kuti pulojekiti yatha bwino. Tonse tinaomba m'manja. A Daka anakweza ndodo.

"Amai, ine ndafunsa chabe. Lelo mwatijambula, taoneka bwino. Nanga chiswe chikalowa m'khomamu, tidzakutumilani foni?"

"Iyayi bambo, damu ndi lanu tsopano."

"Lathu ndani? Pano pakhala midzi itatu. Ng'ombe ikakwela pakhoma, wa mudzi uti adzathamange?"

Anthu anayamba kung'ung'udza kuti mkuluyu akutichititsa manyazi pamaso pa alendo, nyama ikuzizila. Koma amai aja sanakwiye. Anafunsa kuti, nanga inu bambo mungadziwe bwanji kuti nchito yayenda?

"Mubwele mu Okutobala. Osati chaka chino, chaka chachitatu. Musaime pa chikwangwani. Mutsike ndi mfolo wa madzi mpaka dimba lomalizila. Mukapeza lepu wobiliwila kumeneko, mukalembe kuti zayenda. Mukapeza fumbi, mukalembe kuti munakumba dzenje lalikulu."

Tsiku lomwelo tinawasankha kukhala wapampando, ena mowakonda, ena mofuna kuti pakamwa pawagwile. Anawapatsa kiyi wa vavu, chitsulo chotsegulila paipi imene imatulutsa madzi pansi pa khoma kupita mumfolo wa kumadimba. Ndipo amai aja anabweladi chaka chachitatu, opanda gule, atavala nsapato za m'munda. Anatsika mpaka kumapeto, anabwelako atanyamula mtolo wa lepu.

Dimba lomalizilalo linali la a Banda. Iwo pamodzi ndi mabanja ena anachokela ku Katete kudzafuna malo olima, ndipo pogawa madimba anapatsidwa kumunsi, kumene madzi amafika atatopa. Lamulo loyamba limene a Daka anabweletsa ku komiti linali lakuti tsiku lothilila madzi aziyambila kumunsi. A kumtunda atseke mifolo yawo, madzi adutse mpaka kwa a Banda, kenako azikwela dimba ndi dimba. Msonkhano umenewo unatentha, ndipo ine ndinali mmodzi wa okuwa.

"A Daka, mchombo wanu uli pano. Lelo madzi oyamba mupatse alendo?"

"Mlendo uti? A Banda anafika kuno mwana ali kumsana, lelo mwanayo ali ndi ndevu. Wa kumtunda manzi sangamuphonye, amadutsa pamphuno pake. Wa kumunsi akamwa matope zaka ziwili, tsiku lokonza khoma sadzabwela, ndipo ine sindidzamuimba mlandu. Tayang'anani makasu amene anabwela pobzala kapinga pakhoma. Theka anachokela kumunsi. Mufuna kulinyamula nokha damuli?"

Chimene chinatitseka pakamwa n'chakuti dimba loyamba pansi pa paipi linali la a Daka eni ake. Mwa lamulo lawolo iwo ndiwo ankathilila pomalizila, dzuwa litafika pamutu. Akazi awo sanawakhululukile msanga. Ankauza aliyense pachitsime kuti anzawo anakwatiwa ndi amuna, iwo anakwatiwa ndi damu, ndipo damulo silibweletsa ngakhale chitenje. A Daka akamva ankangoseka, n'kunyamula ndowa kukawathandiza kuthilila anyezi.

Anthu ambili amakumbukila tsiku limene anapachika kiyi pa mtengo. Unali msonkhano wa pambuyo pa kukolola, ndipo tonse tinabwela titagwilizana kale kuti a Daka apitilize. Panthawiyo anali atayamba kuyenda motsimphina. Anaimilila, anatulutsa kiyi m'thumba, anamukoleka pa nthambi ya msekese umene timasonkhanapo, n'kukakhala pansi kumbuyo pakati pa azimai.

"Akulu, musatitaye," wina anatelo. "Damu limamva inu nokha."

"Ndiye vuto lakelo. Ine ndili ndi chifuwa, ndili ndi mwendo umodzi ndi theka. Mufuna damu lokhala ndi chifuwa?"

Tinakhala pamenepo mpaka mithunzi itatembenuka, kiyi akulendewela, palibe wofuna kumugwila. Pomaliza tinasankha amai Mwanza, amene anali ndi dimba lapakati ndi lilime losaopa munthu. Tsiku limenelo tinapangana kuti kiyi asamagone m'nyumba imodzi kupitilila zokolola ziwili, kuti wapampando akachokela kumtunda womutsatila azichokela kumunsi, ndiponso kuti kuyenda pakhoma kuzizungulila nyumba ndi nyumba, sabata ndi sabata. Wolakwila damu chilango chake chikhale kututa miyala yoyala pakhomo, chifukwa miyala aliyense angaipeze, wolemela ndi wosauka. A Daka anayenda ndi nyumba iliyonse sabata yake yoyamba, kuwavula nsapato akuluakulu ndi aphunzitsi omwe, kuwaonetsa mmene dothi lonyowa limamvekela kuphazi.

Chaka chotsatila ng'ombe zawo zomwe zinathyola khola n'kukwela pakhoma. Amai Mwanza anafuna kuti nkhaniyo ingopita. A Daka anafika okha pamsonkhano kudzadzinenela.

"Amai wapampando, ng'ombe zija ndi zanga. Miyala ingati?"

"Bambo, ndi mwendo umenewo? Tisiyeni."

"Mukandisiya ine lelo, mailo mudzagwila ndani?"

Anatuta miyala masiku anayi, mwala umodzi paulendo, dzanja lina lili pandodo. Kuyambila pamenepo palibe amene anakanapo chilango.

Anthu amati anapachika kiyi chifukwa cha kudzichepetsa. Sindikana. Koma ine ndidziwa chimene chinawafikitsa pamenepo, ndi chimene chinathyola mwendo uja, chifukwa zonse ziwili zinachokela m'manja mwanga.

Chaka china, asanapachike kiyi, mvula inali yochepa. Damu linatsika msanga, ndipo mu Okutobala matimati anga anauma ali ndi maluwa. Mvula itabwela bwino chaka chotsatila, ndinkaima pakhomo kuona madzi akungotayikila kumtsinje, mtima n'kumandipweteka ngati ndikuona chimanga chikutayika m'nkhokwe yobooka. Ndinaganiza kuti khomo likakwela pang'ono chabe, kufika m'bondo, damu lidzasunga madzi otifikitsa ku mvula ina. Ndinadziona wanzelu. Sindinauze munthu, chifukwa ndinadziwa chimene a Daka angayankhe.

Sabata ina a Daka anapita ku Nyimba ku malilo a mlongo wawo. Pa Sande, anthu onse ali m'chalichi, ndinamanga ng'ombe pangolo. M'mbali mwa njila, pafupi ndi khomo, a Banda anali ataunjika masaka a mchenga omangila nyumba, saka lililonse lili ndi chizindikilo chawo cha penti wofiila. Sindinaganize zowanamizila. Ndinangoona kuti ali pafupi. Anali osamanga kukamwa, choncho ndinawamanga ndekha ndi luzi, n'kuwayala mizele iwili kudutsa khomo lonse, pamwamba n'kuphimba ndi bango. Nyimbo yomaliza isanathe ku chalichi ndinali nditafika kale kunyumba.

Masiku atatu masakawo anakhala pamenepo. Palibe anawaona, chifukwa palibe amene ankayenda pakhoma. Imeneyo inali nchito ya a Daka.

Lachitatu masana kumapili kunagwa mvula yoopsa. Mtsinje unatsika wofiila, utanyamula zitsa. Madzi anafika pakhomo, anapeza potseka, anayamba kukwela khoma. Amene anaona poyamba anathamanga kukaliza chitsulo cha pachalichi. Titafika, madzi anali atayamba kale kunyambita pamwamba pa khoma, pakati penipeni, ndipo kumunsi kwake kunali madimba onse ndi nyumba za mudzi wachitatu. Wina anati titsegule vavu, madzi achepeko. Kiyi anali m'thumba la a Daka.

Anatulukila nthawi yomweyo pa njinga, akuchokela kokwelela basi, jekete la kumalilo lili m'thupi. Anayang'ana khoma, anayang'ana khomo, anaona bango likugwedezeka pamalo pamene madzi anayenela kuthamanga.

"Pali chinthu pakhomo. Chingwe cha ng'ombe, msanga! Ndi chikwakwa!"

"Akulu, muloweko ndinu? Alipo anyamata."

"Anyamata sadziwa pamene pali mwala. Mangani."

Tinawamanga chingwe m'chiuno. Ine ndinagwila kutsogolo kwenikweni, ndipo anthu anayesa ndi kulimba mtima. Analowa madzi akuwafika pachifuwa, akufufuza ndi mapazi, n'kuyamba kung'amba masaka limodzi limodzi. Atang'amba lachinayi mzele wonse unagonja. Madzi anawanyamula n'kuwamenyetsa pa miyala ya m'mbali, ndipo kulila kwa fupa ndinakumva kudzela m'chingwe. Tinawakoka ngati thumba. Chikwakwa chinapita, koma m'dzanja lamanzele anali atafumbata kukamwa kwa saka limodzi, ndipo sanalole munthu kuwatsegula dzanjalo.

Khoma linapulumuka, litangokumbika kumsana. Koma madzi amene anatuluka nthawi imodzi anasefukila ngalande yake n'kukagwela m'dimba la a Banda. Nthochi, nzimbe, mbande za malalanje zimene analela zaka zitatu, zonse zinapita, panatsala mchenga.

M'mawa mwake masaka ong'ambika anapezeka atakodwa m'mabango, penti wofiila akuoneka. Pamene a Daka ankatuluka m'chipatala ku Boma, midzi iwili inali itagamula kale kuti a ku Katete onse achoke kumadimba. Pamsonkhano a Banda analumbila mpaka misozi. Ine ndinakhala pamzele wachiwili, maso ali pa zala za kumapazi. A Daka anafika ali pangolo, mwendo uli m'chikhakha.

"Dimba la a Banda lili kunsi kwa khomo," anatelo. "Ndani amadziunjikila manzi pamutu pake?"

"Nanga ndani, akulu? Masaka ndi awo."

"Mufuna wolakwa? Woyamba ndine. Ndinapita ku Nyimba ndi kiyi m'thumba, ndi maso a midzi itatu m'mutu mwanga. Masaka akhala masiku atatu poyela, inu mukudutsa ndi ng'ombe, mukuchapa, mukuwedza. Simunaone chifukwa mumati a Daka adzaona. Ndinakuzolowezani ndine. Mukachotsa a Banda, muyambe mwachotsa ine."

Palibe anachotsedwa. Midzi yonse inathandiza kuchotsa mchenga m'dimba lija. Koma anthu akasowa wolakwa amasunga amene anamupeza poyamba. A Banda anapatsidwa dzina lakuti a Masaka, ndipo linawamatilila.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina ndikusongola mpini, ndinaona a Daka akulowa pabwalo langa ndi ndodo ziwili. Tinapatsana moni, anafunsa za ng'ombe, za chifuwa cha akazi anga. Kenako anatulutsa kukamwa kwa saka kuja n'kuika pa mpando pakati pathu, luzi likali lomanga.

"Mfundo iyi ndinaionapo pa mabelo a fodya," anatelo. "Kuno amene anagwilako nchito ku mafamu a fodya ndi mmodzi."

Mmodziyo ndinali ine. Ndinati, "Ndinaona madzi akungotayika, akulu. Matimati anga anauma chaka chatha."

"Ndidziwa. Inenso khomo likamataya mtima umandiwawa. Koma manzi amene amatuluka aja ndiwo amasiya khoma lili chiimile. Mukafuna kusunga onse mudzataya onse, ndi ana a anthu pamodzi."

"Mudzandiulula?"

"Pakamwa ndi panu. Ine ndabwelela manja. Mwendo uwu sudzatsikanso pakhomo paja. Kuyambila mailo wolisamala ndinu. Palibe wina kuno amene akudziwa bwino chimene chimachitika likatsekeka." Anaimilila movutika, n'kutembenuka ali pa chipata. "Koma kwa a Banda mukafikeko."

Khomo ndinalisamala, ndipo ndikulisamalabe. Kwa a Banda sindinafike. Chaka chilichonse, mitambo ikayamba kusonkhana, a Daka ankandipeza ndikuzula udzu pakati pa miyala, iwo n'kukhala pa mwala wawo kumtunda.

"A Lungu, mwafikako?"

"Sindinafike, akulu."

"Njila ikalipo."

Sankawonjezela. Tinkapitiliza kukamba za chiswe. Zaka khumi ndi ziwili funso linali lomwelo, yankho lomwelo. Ndi iwonso amene anandikankhila ku sukulu ya akuluakulu, ati wosamala khomo azitha kulemba tsiku limene madzi ayamba kutuluka ndi tsiku limene aleka, kuti obwela m'mbuyo asadzayambile pa umbuli.

A Daka anadwala masabata awili okha. Nditapita kukawaona ndinapeza nyumba yodzala, abusa a mpingo akuwapemphelela. Atatha amen, a Daka anatsegula maso n'kufunsa kuti sabata ino woyenda pakhoma ndani, ndipo kodi waona kamkuyu kamene kakumela kumsana pafupi ndi paipi. Akazi awo anaseka misozi ili m'maso. "Mwamva? Ngakhale lelo mkazi wamkulu ndi damu." Potuluka ndinawagwila dzanja. Mawu anali atachepa, koma ndinawamva. Anafunsa ngati ndafikako. Ndinapukusa mutu. Sanayankhe kuti njila ikalipo. Anangondiyang'ana, n'kutseka maso.

Patatha mwezi titawaika, ndinatsika ndi mfolo mpaka kumapeto. A Banda anali kumangilila matimati ku timitengo.

"A Banda, masaka aja ndinaika ndine."

Sanatembenuke. "Munenenso. Khutu ili linatha."

Ndinanenanso, zonse, kuyambila pa ngolo mpaka pa luzi. Anamaliza kumanga mtengo umene anali nawo, n'kuwongoka pang'onopang'ono.

"Adzukulu anga kusukulu amawaitana ana a Masaka. Inu mukundipatsa moni m'mawa ndi madzulo. Pa ukwati wa mwana wanga munadya." Kenako anafunsa, "A Daka anadziwa?"

"Anadziwa."

Apa ndipo anakhala pansi pa mzele. "Bokosi lawo ndinalinyamula pa phewa ili. Anandiimila pamsonkhano, inde. Koma anali ndi dzina lanu m'thumba, n'kundisiya ine ndi langa. Nawonso anandilakwila."

Mpaka lelo ndilibe yankho lokwana. Abale anga ndi theka la madimba a kumtunda. A Daka akananditchula tsiku lija, mitima ili yotentha, mwina midzi ikanagawanika, ndipo damu likanatsala lopanda makasu. Mwina anaganiza kuti ndidzapita kwa a Banda sabata yomweyo, osadziwa kuti mantha anga ndi a zaka khumi ndi ziwili. Anasankha damu, ndipo mtengo wake unagwela munthu wosalakwa. Amai Mwanza anati ndilembe za a Daka, sananene kuti ndiwadzoze mafuta. Ichinso chinali chawo.

"Musandiuzile kuno kumene akumva ndi matimati okha," a Banda anatelo pomaliza. "Dzina anandipatsa pamsonkhano. Mukalichotse pamsonkhano."

Ndinakaima pansi pa msekese uja, pamaso pa midzi itatu, n'kunena. Panali phokoso, ena mwa abale anga anachoka osatsanzika. Ena anati nkhani ndi yakale, ndipo munthuyu wakalamba, ingotha. Amai Mwanza, amene anali atabwelelanso pampando patapita ena asanu, anamenya patebulo.

"A Daka anatuta ndi mwendo umodzi. A Lungu ali nayo iwili. Khomo likufuna miyala kumunsi kwake, ayambe Lolemba."

Ndinatuta chilimwe chonse, pang'onopang'ono. Tsiku lachitatu ndinamva kulila kwa gudumu kumbuyo kwanga. Anali a Banda, akukankha wilibala yopanda kanthu.

"Tengani iyi. Mungatifele pano, anthu n'kundipatsanso dzina lina."

Anaisiya n'kubwelela, osayang'ana m'mbuyo. Akazi awo mpaka lelo sayankha moni wanga, ndipo ali ndi chifukwa. Koma dzina lija lafa, ndipo mu Okutobala wapitayu, dzuwa likuotcha mpaka mbuzi kubisala pansi pa nkhokwe, lepu wa kudimba lomalizila anali wobiliwila. Ine ndimagona bwino kuposa kale.

Kumtunda kwa khomo, kunja kwa khoma kumene mitengo imaloledwa, kuli mwala wafulati pansi pa mthunzi. Pamenepo ndipo a Daka ankakhala akatha kuyenda, mwendo wodwala atautambasula, akuyang'ana madzi. Mwalawo ndi wosalala pakati, ndipo patsogolo pake panali timaenje tambili ta chitsulo cha ndodo yawo, pamene ankabayabaya akamaganiza. Mvula ya chaka chino yatifafaniza tonse, kapinga wayamba kulowapo. Palibe analetsa, koma palibe amakhalapo. Abusa a ng'ombe amakhala pambali pake, pansi.

Ndodo ija sinapite kumanda. Imagona m'nyumba ya amene ali ndi sabata, Loweluka n'kusamukila nyumba ina. Lelo m'mawa, ndikuchotsa zinyalala pakhomo, ndinaona mpongozi wa a Banda akubwela nayo pakhoma, nsapato zili m'khosi. Anaima pakati, anabaya, anawelama n'kuzula kanthu kakang'ono, anakaponya m'madzi. Anadutsa pa mwala uja osaima, chifukwa panalibe womuuza kuti waphonya pati. Kumbuyo kwanga madzi anali kutuluka mwakachetechete, akudutsa pa miyala ya a Daka, kenako pa yanga, kutsikila kumtsinje.